Bezaleli ndi Ana Athu a m'Mbali mwa Nyanja

Ulaliki wolalikidwa ku Nkhotakota. Mau: Eksodo 35:30-35.

Abale okondedwa mwa Ambuye, ndi inu aphunzitsi a m'midzi amene mwaponda mcenga wotentha kudza kuno lero, mau athu anena za munthu wa fuko la Yuda, dzina lace Bezaleli. Munthu ameneyu Mzimu wa Mulungu unakhala pa iye. Koma taonani, sunamtuma kukalalika, kapena kukatsogolera nkhondo. Unamtuma ku mtengo ndi sompho, ku golidi ndi mkuwa, kuti cihema ca Mulungu cikhale cokoma m'maso. Ndipo pali kanthu kena kamene ambiri a ife timakalumpha powerenga: iye ndi mnzace Oholiabu, wa fuko la Dani, analandiranso mtima wa kuphunzitsa ena. Mmisiri ndi mphunzitsi anali munthu mmodzi.

Tidziwa kuti ena mwa akuru ali kunena mumtima, Kodi zosemasema si ndizo mafano amene tinawasiya? Funso limeneli ndi loyenera, ndipo sitilinyoza. Koma werengani bwino. Kuitanidwa kwa Bezaleli kuyamba m'mutu 31, ndipo mutu wotsatira womwe ndiwo wa Aroni ndi mwana wa ng'ombe wagolidi. Golidi wa fanolo anacokera m'makutu a anthu. Golidi wa cihema anacokera kwa anthu omwewo. Atacimwa Israyeli ndi nchito ya manja, Mulungu sanaletse nchito ya manja. Anabwerezanso dzina la Bezaleli m'mutu 35.

Ife a pano sitisowa kupita ku Sinai kuti timvetse ici. Pamene David Livingstone anafika pa gombe lino m'caka ca 1863, anapeza amisiri alikukhoma combo cacikuru. Ndipo zombo zotere ndizo zinaolotsa makolo athu kunka kutsidya, kuti ayende ulendo wa ku Kilwa ndi magoli m'khosi. Amisiriwo sanali opusa. Matabwa ao analumikizana bwino, madzi osalowa. Patapita zaka makumi anai, m'caka ca 1903, ana a m'nyanja yomweyi anayamba kumanga chalichi cacikuru ca Petro Woyera pa Likoma, pa malo ochedwa Chipyela pamene kale ankatentha anthu onenedwa ufiti. Frank George ndiye anayang'anira nchitoyo, koma manja oumba njerwa, ndi kusema miyala, ndi kupala matabwa anali manja a anthu athu, ndipo ambiri a iwo anaphunzira umisiri pa nchito pomwepo. Momwemonso sitima yochedwa dzina la Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 naikidwa pano, itayamba kuyenda mu 1901 inanyamula anyamata ophunzira uphunzitsi, amene sakadakhoza kudzilipirira okha. Wina anawadyetsa pamene anali kuphunzira.

Tsono tiulule kulakwa kwathu. Tsiku lina tinakayendera sukulu ya m'mudzi wina wa kugombe, ndipo tinapeza mnyamata ataumba ndi dothi la kudambo msodzi ali m'bwato, atagwira nkhafi, msana wace utapindika monga upindika pa mwera. Mphunzitsi anaciphwanya ndi phazi pamaso pathu, nati, Kuno tiwerenga, sitisewera. Ife tinakhala cete, pakuti tinaopa kucepsa mphunzitsi pamaso pa ana. Mnyamatayo anasiya sukulu caka comweco. Lero ayanika usipa pa thandala la munthu wina. Kuyanika usipa si chimo, abale, tonse tidya umenewo. Koma sitinamvenso kuti waumba kanthu, ndipo mlandu umenewo suli pa mphunzitsi yekha.

Abale athu ena anatiposa pa ici, ndipo tisacite manyazi kuphunzira kwa iwo. Ku Cyrene, pafupi ndi Bulawayo, Canon Edward Paterson anatsegula sukulu mu 1940, napatsa anyamata utoto, iwo najambula nkhani za m'Buku Lopatulika pa zipupa za nyumba yao yopemphereramo, anthu ace akuda ngati ife. Ku Mua, kumwera kwathu kuno, Bambo Claude Boucher wa ku Canada anayamba malo a Kungoni mu 1976, nasonkhanitsa osema, nakhala nao zaka zambiri, kufikira mitanda ndi zitseko zosemedwa ndi iwo zinalowa m'nyumba za Mulungu kutali ndi pafupi. Anthu amenewa sanangoyamika luso ndi pakamwa. Anapatsa mnyamata malo, cipangizo, mphunzitsi, ndi cakudya.

Cifukwa cace tiika pamaso panu cinthu ici. Mpunga ukalowa m'nkhokwe, mpingo wa m'mudzi uli wonse upereke thumba limodzi. Ndi mpunga umenewo tisunge acinyamata atatu caka cathunthu: wina wosema kapena woumba, wina wopeka nyimbo, ndi wina mphunzitsi wamng'ono amene afuna kudziwa zimenezi kuti akaphunzitse. Pa atatuwo pasasowe mwana wamkazi, pakuti amai ndiwo asunga luso la mbiya, ndipo m'mutu womwewo 35 akazi aluso ndiwo anapota thonje la cihema. Ali yense akhale pa mapazi a mmisiri wokhwima masiku a nchito, ndipo tsiku Loweruka adze kuno kudzawerenga Mau ndi kupemphera nafe. Caka cikatha, sadzabweza mpunga. Adzabwera ku sukulu ya kwao masana amodzi pa sabata, kuphunzitsa ana cimene analandira.

Sitikubisirani kuti wina wa iwo akhoza kutenga luso lace kunka nalo ku Lilongwe kapena ku Joni, osatiyang'ananso. Cotere cinacitika ndi aphunzitsi ena a masiku akale, koma makolo athu sanatseke sukulu cifukwa ca iwo.

Inu aphunzitsi, mudziwa ana amene ajambula kumbuyo kwa kope, ndi amene aumba ng'ombe zadothi pa nthawi yopuma. Musaturuke msanga tikatha mapemphero. Tikomane pansi pa mtengo, mutipatse maina ao ndi midzi yao, kuti akuru a mpingo akayambe kuceza ndi makolo ao mwezi uno usanathe. Tipemphere.