MFUMU IMENE INATSALA MIYENDO YOKHA

Lero ndikufuna tikambirane ndakatulo ina ya Chingerezi yotchedwa Ozymandias. Anailemba ndi Percy Bysshe Shelley, ndipo inatuluka koyamba mu nyuzipepala ya ku London mu 1818. Ndi yaifupi, mizere 14 yokha basi.

Ozymandias ndi dzina limene Agiriki ankatchulira Farao Ramesses II wa ku Egypt. Bambo ameneyu analamulira zaka 66, mpaka imfa yake mu 1213 Yesu asanabadwe. Anamanga akachisi ambiri, nadzisemetsera mafano amwala, ena otalika mamita 20.

Mu ndakatuloyi, munthu wapaulendo akusimba zimene anaona m'chipululu. Miyendo iwiri yamwala yangoima, thunthu palibe. Chapafupi pali mutu wosweka, theka lake lakwiririka mumchenga. Patsinde pa fanolo mfumu inalembetsa kuti palibe woiposa, ndipo amphamvu onse aone ntchito zake, ataye mtima. Ntchito zake ziti? Ukayang'ana uku ndi uku, ndi mchenga wokhawokha.

Ambiri akawerenga amalekera pomwepa, n'kuseka. Koma ine munthu amene amandigwira mtima ndi mmisiri amene anasema fanolo. Nkhope ija, ngakhale inasweka, ikuonetsabe tsinya, mlomo wonyoza ndi nkhanza za munthu wozolowera kulamula. Tangoganizani. Mmisiriyu anaitanidwa kuti akometse mfumu. Anagwada, anavomera zonse, pakuti kukana kukanamuphetsa. Koma dzanja lake linasema zimene maso ake anaona, ndipo mfumu inalandira fanolo ikuyesa kuti yatamandidwa. Mwamva? Wogwada uja sanali wakhungu ayi.

Akuluakulu muli pano mukuzidziwa izi. Mu 1971 Dr Banda anatchedwa Pulezidenti wa Muyaya. Anthu ankawomba m'manja, ankavina, ankagula makadi a chipani kuti alowe mumsika. Koma pa 14 June 1993, atapatsidwa mpata wosankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ambiri mwa anthu omwewo anasankha nyali.

Onaninso mmene mawu a mfumu ija akutifikira. Siikulankhula yokha. Mmisiri anawasema, wapaulendo anawawerenga, nauza mlakatuli, mlakatuli n'kutiuza ife. Amene tinayendapo ndi katundu m'misika timadziwa kuti nkhani yodutsa pakamwa pa anthu atatu imasanduka yocheza nayo podikira basi. Lamulo limene linkanjenjemeretsa dziko lafika pamenepo.

Wina wophunzira anganditsutse kuti Shelley sanapondeko ku Egypt, ndiponso kuti si zonse za Ramesses zimene zinagwa. N'zoona. Akachisi ake a ku Abu Simbel alipobe. M'zaka za m'ma 1960 anawadula zidutswazidutswa n'kuwamanganso pamtunda kuti madzi a damu la Aswan asawamize. Koma amene amapitako lero amalipira pakhomo, kujambula zithunzi, n'kubwerera. Palibe amagwada, palibe amaopa. Ndipo mtembo wa Farao mwini wakeyo, woumikidwa uja, mu 1976 anaukweza ndege kupita nawo ku Paris kuti akatswiri akauchotse nkhungu imene inayamba kuudya.