MAU A OPHUNZIRA UINJINIYA POONETSA NCHITO ZAO

M'makomboni a ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola ndi ku Luanshya muli makolo ambiri amene ana ao aphunzira uinjiniya. Ena ali pa Yunivesite ya Zambia mu Lusaka, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndipo ena ali pa Yunivesite ya Copperbelt mu Kitwe, imene inayamba m'caka ca 1987. M'caka cotsiriza wophunzira ali yense apatsidwa nchito yoti alingalire cipangizo cina, acijambule, aciyese, ndi kucifotokoza pamaso pa aphunzitsi. Mwana akafika kunyumba pa chuthi alankhula mau a Cingelezi acilendo, ndipo atate ace, amene agwira nchito pansi pa nthaka zaka 20, angokhala cete. Komatu mauwo si obvuta, pakuti anena zinthu zimene mmisiri wa pa mgodi azidziwa kale ndi manja ace.

Mau oyamba ndi specification, ndiko kunena pepala lofotokoza zimene cipangizo ciyenera kucita, lolembedwa nchito isanayambe. Mwacitsanzo, mtsikana afuna kupanga cokwezera injini m'shopu. Sikokwanira kulemba kuti cikhale colimba. Alembe kuti cikweze makilogalamu 200 kufikira mamita 2, ndi kuti munthu mmodzi akhoze kuciyendetsa yekha. Manambala amenewa ndiwo adzakhala mboni pa tsiku loyesa.

Mau aciwiri ndi factor of safety, ndiyo mphamvu yoonjezera yochinjiriza moyo. Ngati katundu alemera makilogalamu 200, ndipo unyolo suduka kufikira pa makilogalamu 1,000, nambala imeneyi ndi 5. Kuonjezera kotere nkofunika cifukwa citsulo cicita dzimbiri, ciperesekanso, ndipo tsiku lina munthu wofulumira adzakoleka katundu woposa muyeso. Ali yense wotsika m'shafti ndi kheji apacika moyo wace pa nambala yotere, ngakhale sanaione ndi maso.

Tsono pali cojambula. Injiniya ajambula cinthu cimodzi katatu: monga cionekera kutsogolo, pamwamba ndi pambali. Sikelo inena kucepa kwa cithunzi. Polembedwa 1:10 ndiye kuti milimita imodzi pa pepala iimira mamilimita 10 pa citsulo. Tolerance ndi malire a kuphonya kololedwa, pakuti palibe makina odula ndendende. Shafti ya gudumu ikalembedwa mamilimita 25, ndi kuphonya kwa 0.1, mmisiri adziwa kuti 24.9 ilandiridwa, 25.1 ilandiridwanso, koma 25.3 ikanidwa. Pangondya ya kumunsi, ku dzanja lamanja, pali kabokosi kochedwa title block, mmene mulembedwa dzina la wojambula, tsiku, sikelo ndi nambala ya pepala. Cojambula cikasinthidwa cipatsidwa cilembo catsopano, A kenaka B, ndipo uku ndiko kuchedwa revision. Wophunzira akakulitsa bowo osasintha cilembo, mmisiri adzaboola potsata pepala lakale, ndipo citsulo, nthawi ndi ndalama zidzapita pacabe.

Nambala iri yonse ikhale ndi muyeso wace pambali. M'caka ca 1999 dziko la Amereka linataya combo ca m'mlengalenga cochedwa Mars Climate Orbiter, cifukwa gulu limodzi linawerengera mphamvu m'mapaundi pamene gulu lina linayembekezera miyeso ya metiriki. Ngati akatswiri otere anapunthwa pa kanthu aka, wophunzira asakayese kacabe.

Bill of materials ndi mndandanda wa zonse zofunika: mabauti angati, mapaipi otalika bwanji, citsulo ca mtundu wanji. Pamenepo mtengo udziwika, ndipo cipangizo codula koposa thumba la amene acifuna sicithandiza munthu. Prototype ndi cipangizo coyamba, copangidwa kuti ciyesedwe. Cikathyoka palibe manyazi, pakuti kuli bwino cithyokere m'shopu ya sukulu kusiyana ndi kuthyokera pamutu pa wanchito.

Zonse zocitika zilembedwa m'buku la tsiku ndi tsiku, lochedwa logbook, monga momwe kapitao alembera zimene zacitika pa shifiti. Wophunzira alembe ndi inki, aike tsiku pa tsamba liri lonse, ndipo akalakwa angodula mzera umodzi, osafafaniza ai, kuti wobwera pambuyo aone pamene njira inakhota. Kucokera m'bukuli atulutsa lipoti. Patsogolo pace pakhala abstract, ndico cidule ca nkhani yonse m'mizera yowerengeka. Kenaka bvuto, zimene ena anacita kale pamodzi ndi maina ao, njira imene anatsata, zimene anapeza poyesa, ndi mathero. Kutenga nzeru za wina osamchula ndi kuba, ndipo sukulu zilanga mlandu umenewu kolimba. Kubisa kuyesa kumene kunalephera nkoipa koposa, cifukwa bodza la pa pepala likhoza kupha munthu amene sanawerenge pepalalo.

Potsiriza lifika tsiku loonetsa. Wophunzira apatsidwa mphindi zowerengeka, ndipo pambuyo pace aphunzitsi amfunsa mafunso. Anene bvuto poyamba, aonetse manambala, ndipo pamene sadziwa abvomere kuti sadziwa. Wanzeru sayembekeza tsikuli kuti amve zolakwa zace. Apita msanga kwa amisiri a m'shopu ndi pepala lace m'manja, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Cotero kholo lisaope Cingelezi ca mwana wace. Limkhazike pansi madzulo ndi kumfunsa zinthu zitatu: cipangizoci cinyamula zolemera bwanji, cidzathyoka pati, ndipo kodi mmisiri amene sanamuonepo angacipange poyang'ana pepala lokha? Mwana woyankha mafunso atatuwa m'cinenero ca kwao, mpaka amai ace amvetsa, wakonzeka kuima pamaso pa aphunzitsi ace.