Bowa: Ndiwo ya Dzinja Yofunika Kusamala

Tisanayambe kuyeza ana, tiyeni tikambirane za bowa, popeza mvula yagwa ndipo ndiwo imeneyi yayamba kuoneka m'misika ya Nkhotakota ndi Dwangwa.

Bowa ndi chakudya cha makolo athu. Ngakhale anthu a m'chipululu cha Kalahari, ku Botswana ndi Namibia, amakumba bowa womera pansi pa mchenga mvula ikatha. Ife kuno kunyanja sitivutika chotero: kuyambira Disembala mpaka Malichi bowa amamera pa zulu ndi pansi pa mitengo ya mombo ndi masuku. Utale, ndelema ndi manyame timazidziwa tonse. Bowa wophika bwino, wotendera ndi nsinjiro, ndi ndiwo yabwino m'miyezi ya njala, makamaka mukamasinthanitsa ndi usipa, nyemba ndi masamba.

Koma si bowa yense amene amadyedwa. Wina ali ndi poizoni, ndipo akali wamng'ono amafanana kwambiri ndi wodyedwa. Poizoni wa bowa woopsa satha ndi kuphika, kuyanika kapena kuthira mchere. Musanyengedwenso poona kuti tizilombo tamudya. Chimene sichipha nyerere chingathe kupha munthu. Mwana ndiye amene ali pa ngozi yaikulu, chifukwa thupi lake ndi laling'ono, motero nthongo imodzi imakwanira kumudwalitsa.

Tsono sungani malangizo awa:

1. Zulani kapena gulani bowa yekhayo amene mumamudziwa bwino. Mukakayika, funsani akuluakulu; ngati iwonso akukayika, mutayeni. Paja safunsa adadya phula.
2. Musatume ana okha kukazula bowa.
3. Sankhani bowa mmodzimmodzi musanaphike. Woola ndi wanthete wosadziwika atayidwe.
4. Tsiku lililonse m'mawa zulani bowa womera pabwalo ndi kuseri kwa khola, pakuti mwana wokwawa amaika chilichonse m'kamwa.
5. Mwana wosakwana miyezi 6 aziyamwa bere lokha.

Kodi mungadziwe bwanji kuti mwana wadya bowa woipa? Amasanza, amatsegula m'mimba ndi kulira ndi kupotokola. Bowa wina amayambitsa zimenezi msanga, koma woopsa kwambiri amayamba wabisala: zizindikiro zimaoneka patapita maola 6 mpaka 24. Kenaka mwana amaoneka ngati wachira, pamene poizoni ali mkati kuononga chiwindi. Pakapita masiku ochepa maso amasanduka achikasu, ndipo pamenepo kumupulumutsa kumavuta.

Chifukwa chake musadikire kuti kuche, musayambe mwayesa mankhwala a kumudzi, ndiponso musamukakamize kusanza. Thamangirani naye ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo. Panjira muzimumwetsa Thanzi pang'onopang'ono, ndipo ngati ali woyamwa apitirize kuyamwa. Tengani bowa wotsala, waiwisi kapena wophika, kuti adokotala akamuone, ndipo mukawauze nthawi imene mwana anadya. Onse amene anadya nawo ndiwoyo apite limodzi, ngakhale asakumva kupweteka kulikonse.

Amayi, mphika uli m'manja mwanu. Mukabwerera kumudzi, kawafotokozereni anzanu amene sanabwere lero, pamodzi ndi agogo amene mumawasiyira ana popita kumunda. Tsopano konzani mabuku a ana kuti tiyambe sikelo.