Kaphunzitsidwe ka Mau a Ana Oimba

 Lero ndifuna kukamba za mau a ana athu oimba, makamaka ndi inu aphunzitsi a makwaya, pakuti cuma cimene ciri m'manja mwanu sicicedwa kuonongeka, ndipo cikaonongeka sicigulidwa ku sitolo.

Loweruka lina ndinapita ku Marapodi kukaona mbale wanga. Podzera pa chalichi cina ndinamva kwaya irikukonzekera mpikisano, ndipo ndinalowa ndi kukhala kumbuyo. Wotsogolera nyimbo anali mtsikana wa zaka ngati 15, wa mau okoma ndithu. Koma mphunzitsi wace, munthu wokonda nchito yace ndi mtima wonse, anali kupfuula kawiri kawiri, nati, "Kweza mau! A kumbuyo sakumva!" Mtsikanayo anatukula cibwano, mapewa anakwera, misempha ya m'khosi inaturuka ngati zingwe. Anaimba cotero maora atatu osamwa ndi madzi omwe. Poturuka ndinampatsa moni, ndipo anandiyankha ndi mau osasa ngati a nkhalamba yosuta fodya. Amai ace anaseka, nati, "Atero masiku onse, mawa adzakhala bwino." Ine sindinaseka, cifukwa ndidziwa kuti lidzafika tsiku limene kudzaca koma mau osabwera.

Alipo anthu amene analingalira za bvuto limeneli kwa zaka 400, ndipo dzina la komboni ija litikumbutsa za iwo. Dzina la Marapodi licokera kwa Mtaliyana wina, Marrapodi, amene anali kuocha laimu ndi njerwa pamene Lusaka anali kamudzi cabe. Kwao kwa munthuyo, ku Italy, ndiko kunabadwira sewero lochedwa opera, momwe ocita sewero salankhula, koma aimba nkhani yonse kuyambira paciyambi kufikira cimariziro. Limodzi la masewero akale otere ndi Orfeo la Claudio Monteverdi, limene linaonetsedwa ku Mantua m'caka ca 1607. Nyumba yomveka ya opera ku Milan, yochedwa La Scala, inatsegulidwa mu 1778, ndipo mulowa anthu ngati 2,000. Woimba aimirira m'menemo, patsogolo pace pali oliza zoimbira makumi angapo, alibe makina okuzira mau, koma munthu wokhala pa mpando wotsiriza amamva ngakhale liu lace laling'ono. Woimbayo acita cotero kwa zaka 20 kapena 30. Akadakhala wopfuula monga mtsikana wa ku Marapodi sakadatha ndi mwezi womwe. Nanga acita bwanji?

Tiyambe ndi cimene ciri m'khosi. Mwa kholingo muli timinofu tiwiri tating'ono, utali wace wonga wa cikhadabo ca cala cacikuru. Mpweya pocokera m'mapapo upyola pakati pa timinofuto, ndipo titseguka ndi kutsekeka mofulumira zedi. Pa liu lija oliza zoimbira alicha A, limene akonzera zoimbira zao asanayambe, timinofu ta mtsikana tigundana ka 440 pa sekondi imodzi. Taganizani tsono kuti tigundana kangati pa maora atatu. Ngati tigundana mofatsa palibe kanthu. Koma ngati woimba afinya khosi ndi kukankha mpweya ndi mphamvu, titupa, ndipo mau asasa. Akapitiriza miyezi yambiri, pamera tinthu tolimba tonga tija timera m'manja mwa munthu wogwira fosholo masiku onse. Pamenepo timinofu sititsekeka bwino, mpweya uthawa, ndipo mau apamwamba atayika.

Munthu woyamba kuona timinofu tace iye mwini alikuimba anali mphunzitsi wa oimba, Manuel García, m'caka ca 1854. Anaika kagalasi kakang'ono kukhosi kwace, nagwira galasi lina m'manja, ndipo kuwala kwa dzuwa kunamuonetsa zonse. Koma nkhani yace imene ndifuna muisunge inacitika kale, mu 1841, ku Paris. Kunafika kwa iye namwali wa ku Sweden, Jenny Lind, wa zaka 20. Anayamba kuimba mbali zazikuru za opera ku Stockholm ali ndi zaka 17, anthu anamtama, namuimbitsa kosalekeza, kufikira mau ace anatha. García atamumva sanampatsa nyimbo ina iri yonse. Anamuuza kuti akhale masabata angapo osaimba, ndi kulankhula pang'ono pokha. Pambuyo pace anayamba naye ngati mwana wa sukulu, kumphunzitsa kupuma ndi kuimba liu limodzi limodzi, kwa miyezi pafupifupi 10. Namwaliyo anacira, nakhala nthetemya yomveka ku Ulaya ndi ku America. Iye anacita mwai wopeza mphunzitsi wodziwa. Ambiri saupeza mwai wotere.

Cinthu coyamba cimene mphunzitsi wodziwa aphunzitsa ndico kupuma. Pansi pa mapapo pali mnofu waukuru wopyapyala wolekanitsa cifuwa ndi mimba. Munthu akakoka mpweya bwino, mnofuwo utsika, nthiti za m'munsi zitanuka, mimba ituruka pang'ono, ndipo mapewa sayenda konse. Inu amene munaona wosula ndi mvukuto wace mudziwa kuti moto uyaka bwino ndi mpweya wobwera mosalekeza, osati wobwera mwadzidzidzi. Goneketsani mwana cagada pa mphasa, muike buku pamimba pace, ndipo aone bukulo likwera pokoka mpweya. Ataimirira aturutse mpweya pang'ono pang'ono pakati pa mano, inu muwerenga kufikira 10, sabata ina kufikira 15, ina kufikira 20. Mukhozanso kuyatsa kandulo patsogolo pa kamwa lace alikuimba liu limodzi. Ngati lawi libvina kwambiri, mwanayo alikutaya mpweya wacabe.

Cinthu caciwiri ndi njira imene mau apitamo. Timinofu tija patokha tipanga liu laling'ono. Cimene cilikometsa ndi kulimveketsa kutali ndi malo a m'mero ndi m'kamwa, monga bokosi la gitala limveketsa nsambo. Cotero woimba amasula nsagwada, agoneka lilime pansi, natsegula m'mero monga munthu woyamba kuyasamula. Katswiri wa ku Sweden, Johan Sundberg, anapima mau a oimba opera, napeza kuti ambiri a iwo, makamaka amuna, ali ndi kulira kwina kwakuthwa kwa pafupi ndi kugwedezeka 3,000 pa sekondi, kumene zoimbira sizikuphimba. Kulira kumeneko ndiko kufika ku mpando wotsiriza, ndipo kucokera m'kakonzedwe ka m'mero, osati m'kukankha. Pano ife a Cinyanja tiri ndi mwai. Mau athu onse atsirizira pa a, e, i, o kapena u, monga mau ambiri a Citaliyana, ndipo pa zilembo zimenezi mpamene liu la nyimbo likhazikika. Mwana aimbe zisanuzi pa liu limodzi, zonse zimveke zofanana kukula kwace.

Cinthu cacitatu ndi malire a mau. Munthu ali yense ali ndi mau a m'cifuwa, olemera, amene alankhulira, ndi mau a m'mutu, opepuka, okwera pamwamba. Pakati pa awiriwa pali malo obvuta amene Ataliyana awacha passaggio, ndiko kunena popitira. Colakwa ca mtsikana wa ku Marapodi cinali ici, kuti anali kukoka mau a m'cifuwa kuwakweza kumene kuyenera mau a m'mutu. Mankhwala ace ndi kuyambira pamwamba ndi liu lofewa pa u, ndi kutsika pang'ono pang'ono, do, ti, la, so, monga mudziwa kale pa tonic sol-fa. Poyamba mau a m'mutu amveka aang'ono, ndipo mphunzitsi wosapirira ayesa kuti mwana wacita ulesi. Alekeni, adzakula ndi miyezi. Woimba atakhwima aphunzira cimene acicha messa di voce, ndiko kuyamba liu limodzi mofewa, kulikulitsa, ndi kulicepetsanso pa mpweya umodzi. Amene akhoza ici ndiye mwini wa mau ace.

Tsono ndikupempheni zinthu zimene sizifuna ndalama. Woliza ng'oma sayamba gule asanaiwambe pa moto. Inunso musayambe nyimbo yokwera ana asanang'ung'udze mofewa mphindi 10. Musawaimbitse kopitirira ora limodzi osapumula, ndipo pakhale ndowa ya madzi akumwa pakhomo. M'miyezi ya August kufikira October, pamene mphepo iulutsa pfumbi m'makomboni, madziwo afunika koposa. Musaphunzitsire m'cipinda cotseka muli mbaula ya malasha. Mnyamata wa zaka 13 kapena 14 amene mau ace ayamba kusweka musamkakamize kukhala pa sopulano cifukwa ca mpikisano, ndiponso musamkankhire ku besi msanga. Aimbe mofewa pamene pali pomasuka kwa iye kufikira mau atakhazikika. Mwana akasasa mau akhale cete, ndipo asanong'one, pakuti kunong'ona nakonso kutopetsa khosi. Ndipo ali yense, mwana kapena wamkuru, woimba kapena wa mu mgodi, amene mau ace akhala osasa kopitirira masabata atatu, apite ku cipatala. Ku University Teaching Hospital kuno ku Lusaka kuli madotolo a makutu, mphuno ndi m'mero amene akhoza kuona timinofu tija monga García anationera.

Wina adzati, "Zimenezi n'za Azungu; ife tiimba mwa makolo athu." Sindirikunena kuti kaimbidwe ka opera kaposa ka citelele kapena ka pa maliro. Amai okalamba amene atsogolera nyimbo usiku wonse ku Cipata kapena ku Katete, m'mawa mau ali bwino, adziwa kupuma ndi kumasula khosi ngakhale sanawerenge buku. Thupi la munthu ndi limodzi, ndipo cimene ciononga mau ku Milan ciwaononganso ku Mandevu. Akuru athu ananena kale kuti ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika.

Ndiponso musayese kuti njira ya opera njotsekeka kwa mwana wa ku Africa. Pretty Yende anabadwa mu 1985 m'tauni yaing'ono ya Piet Retief ku South Africa, ndipo anayamba kuimba ku chalichi monga ana athu. Ali ndi zaka 16 anamva akazi awiri alikuimba nyimbo ya opera pa kanema wotsatsa malonda, nafuna kudziwa kuti mau a munthu acita bwanji zotere. Anaphunzira ku South African College of Music ku Cape Town, napitiriza ku sukulu ya La Scala. Mu 2011 anapambana mpikisano waukuru wa Operalia, mu 2013 anaimba ku Metropolitan Opera ku New York, ndipo pa 6 May 2023 anaimba ku Westminster Abbey pa tsiku lobveka Mfumu Charles cisoti caufumu. Werengani zakazo: kucokera tsiku limene anamva nyimbo ija kufikira mphotho ya Operalia panapita zaka 10 za kuphunzira. Kuno kwathu wacinyamata wofuna maphunziro a nyimbo akhoza kufunsa ku Evelyn Hone College. Koma kaya apita ku koleji kaya sapita, mphunzitsi wace woyamba ndinu, a kwaya ya m'komboni, ndipo a ku koleji adzalandira cimene inu mwasunga.

Ndisanacoke ku Marapodi tsiku lija ndinaceza ndi mphunzitsi uja pansi pa mtengo. Anandimvera mwaulemu, nati, "Zamveka, abambo, koma mpikisano uli pafupi, ndipo wina wotsogolera ndiribe." Ndinamvetsa bvuto lace, pakuti mpingo wonse uyang'ana kwa iye. Ndinamuyankha kuti cikho ca caka cino cidzaiwalika, koma mtsikanayo ayenera kuimba pa ukwati wace, ndi pa ubatizo wa ana ace, ndi pa maliro a ife amene tiri akuru kwa iye. Anavomera kumpumitsa sabata imodzi ndi kugawa mbali yace kwa atsikana atatu. Ngati adzapambana mpikisano, tidzamva.

Inu aphunzitsi, pa phunziro lanu la sabata ino, muyang'ane makosi ndi mapewa a ana anu pamene alikuimba, ndipo pomariza mupatse moni mmodzi mmodzi, mumve m'mene akuyankhirani. Amene muli ndi mafunso lemberani kalata kuno ku wailesi, ndipo tidzayankha m'nkhani yotsatira.