Chibwibwi ndi Phunziro la ku Iowa

Madzulo ano tikambirana za maphunziro apamwamba amene sitiwamva kaŵirikaŵiri, maphunziro othandiza anthu ovutika kulankhula ndi kumva.

M'dziko la America, munthu wofuna ntchito yothandiza ovutika kulankhula amayamba wapata digiri yoyamba, kenaka n'kuphunziranso zaka ziŵiri kuti alandire digiri yachiŵiri. Amaphunzira mmene mpweya wochokera m'mapapo umasandukira liwu pakhosi, mmene lilime, mano ndi milomo zimaumbira liwulo kukhala mawu, ndiponso mmene khutu ndi ubongo zimagwirira ntchito. Asanamalize, amayenera kukhala ndi odwala kwa maola 400 akuyang'aniridwa ndi katswiri. Odwalawo ndi ana achibwibwi, ana obadwa ndi mlomo wong'ambika, akulu amene mawu anawathaŵa atadwala sitiroko, ndi ena amene amalephera kumeza chakudya.

Imodzi mwa sukulu zimene zinayambitsa maphunziroŵa ndi yunivesite ya Iowa. Kumeneko kunali mphunzitsi wina wotchuka, Wendell Johnson, amene iye mwini anali wachibwibwi kuyambira ubwana wake. Bamboyu ankakhulupirira kuti chibwibwi chimayambira m'khutu la kholo, osati m'kamwa mwa mwana. Ankati kholo likamadzudzula mwana pamene akudodoma polankhula, mwanayo amachita mantha, ndipo manthawo ndiwo amabala chibwibwi.

M'chaka cha 1939, Johnson anatuma wophunzira wake, Mary Tudor, amene ankafuna digiri yachiŵiri, kuti akayese ganizo limeneli kunyumba yosungirako ana amasiye m'tauni ya Davenport. Anasankha ana 22. Mwa iwo, ana 6 amene ankalankhula bwinobwino anauzidwa bodza lakuti ayamba chibwibwi, ndipo analangizidwa kuti asatsegule pakamwa pokhapokha ngati akudziŵa kuti mawu atuluka osadodoma. Izi zinachitika kuyambira Januwale mpaka Meyi.

Omvera, taganizani mwana wopanda mayi, wopanda bambo, akuuzidwa zimenezi ndi munthu wophunzira amene iye akumkhulupirira. Anawo anayamba kuchita manyazi, kulankhula pang'ono, ndi kuzyolika akafunsidwa funso. Kafukufukuyo sanatsimikize ganizo la Johnson, koma ena mwa anawo anakula ndi bala mumtima.

Nkhaniyi inakhala yosadziŵika kwa anthu ambiri zaka zoposa 60. Koma akulu anati mlandu suwola. M'chaka cha 2001 nyuzipepala ina ya ku California inaiulula, ndipo yunivesiteyo inapepesa poyera. Mu 2007 boma la Iowa linavomera kulipira madola 925,000 kwa olakwiridwawo ndi mabanja a amene anali atamwalira.

Nanga ophunzira a masiku ano amaphunzitsidwa zotani? Choyamba, amaphunzitsidwa kuti makolo sindiwo amayambitsa chibwibwi. Kaŵirikaŵiri chimayenda m'magazi a banja, ndipo chimakhudzana ndi mmene ubongo umayendetsera kalankhulidwe. Pafupifupi ana 5 mwa 100 alionse amachita chibwibwi pa nthaŵi ina ya ubwana wawo. Ambiri chimawathera, koma pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 100 amakhala nacho, makamaka amuna. Chachiŵiri, amaphunzitsidwa kuti asayese kanthu pa munthu popanda chilolezo cha mwini wake kapena cha omusamalira, ndiponso cha bungwe la yunivesite loona za ufulu wa anthu ofufuzidwa. Nzeru yopanda chifundo imapweteka amene inayenera kuwathandiza.

Mwina mukuti Iowa ndi kutali. Koma ndikukumbukira pamene ndinali kuphunzira uphunzitsi, ndinaimika mnyamata wina wa Sitandade 4 kuti aŵerenge. Anakakamira pa liwu loyamba, anzake anaseka, ndipo ine, pofuna kumthandiza, ndinamumalizira liwulo. Sanakwezenso dzanja mpaka teremu inatha. Sindinamuuze bodza lililonse, komabe ndinamphunzitsa kuti kukhala chete n'kwabwino koposa kuyesa.

Tsono inu makolo ndi aphunzitsi, mwana akamadodoma, m'yembekezeni amalize yekha. Muzimuyang'ana mwachifatse, mumve zimene akunena osati mmene akunenera. Musamuuze kuti afulumire, ndipo musalole anzake kumtsanzira. Chibwibwi si ufiti, si ulesi, ndiponso si umbuli. Chikapitirira miyezi ingapo, pitani naye kuchipatala mukafunse malangizo, ndipo apemphe amuyezenso makutu.