Padangokhala: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Ophunzira Akale



Pamene a Mlembi adandiimbira lamya kundipempha kuti ndidzayankhule lero, adati ndinene za ntchito ya m'boma kuti achinyamata atolepo nzeru. Ndidawayankha kuti ntchito yanga ya zaka pafupifupi makumi awiri yakhala yolemba makalata oyamba ndi mawu akuti "ndauzidwa kuti ndikudziwitseni", ndipo palibe munthu angakwere basi ulendo wonsewu kudzamvera zimenezo. Tsono ndidapempha kuti andilole ndikambe za nthano. Iwo adaseka, poganiza kuti ndikucheza. Sindidali kucheza ayi, ndipo chifukwa chake nachi.

Dzinja lapitali magetsi adazima kwathu usiku wina, mvula ili pakati. Lamya za ana zidathanso moto. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 adati, "Ababa, tiuzeni nkhani." Ine ndidakhala bwino pampando, ndidakonza kukhosi, n'kunena kuti, "Padangokhala!" Kudali zii. Ana atatu adangondiyang'ana pa kuwala kwa kandulo, kudikira kuti ndipitirize. Amene adayankha "Tili tonse" adali mayi awo kukhitchini, nawonso akuseka. Ndidayamba nthano ya anyamata awiri apachibale amene adapita kukagwira ntchito kutali, pobwerera wina n'kupha mnzake chifukwa cha nsanje, kambalame n'kumamutsata kakuimba mpaka kumudzi. Ambiri a inu mukuidziwa kuchokera m'buku la a J.W. Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe. Agogo anga adali ndi yawoyawo, maina ena, nyimbo inanso. Nditafika pamene kambalame kayenera kuimba, nyimbo ija idandithawa. Ndidayesa kung'ung'udza, osatheka. Ndidamaliza nthanoyo ngati ndikuwerenga lipoti kwa bwana, ndipo mwana uja adafunsa kuti, "Ndiye basi?"

Agogo amene adandiphunzitsa nyimboyo adamwalira m'chaka cha 1998, ine ndili Fomu 4 pompano. Sindidalembe ngakhale nthano yawo imodzi, ine amene ndidadzaza makope ndi manotsi a mitsinje ya ku North America.

Kwathu ndi m'tsinde mwa phiri la Zomba. Nthano zinkakambidwa tikakolola, usiku, manja ali pa ntchito yotong'ola chimanga kapena kusenda mtedza. Masana kudali koletsedwa. Agogo ankati wokamba nthano dzuwa lili pamutu amamera nyanga, ndipo ine ndidakula ndithu ndisadazindikire kuti nyangazo zidali njira yotisungira kumunda. Tinkayamba ndi zilapi, wina akati "Ndagi" ife "Gize", kenaka nthano. "Tili tonse" uja sadali wokometsera chabe. Ukasiya kuvomera, agogo ankaimira pomwepo n'kufunsa kuti wagona ndani, ndipo nthano siinkapitirira mpaka mawu onse atamveka. Munthu sunkangomvera, unkagwira nawo ntchito. Pothera pake iwo ankati "Kaphuleni mbatata", ife n'kuyankha kuti zapserera, aliyense n'kudziwa kuti za Kalulu zathera pomwepo, tabwerera kudziko la anthu.

Nthano imene tinkaipempha kawirikawiri idali ya chitsime. Kudagwa chilala, nyama zonse zidapangana kukumba, Kalulu yekha adakana nati iye ali ndi madzi ake otsekemera. Chitsime chitatha adaika mlonda. Kalulu ankabwera ndi uchi m'chiguduli, n'kumulawitsa mlondayo pang'ono, nati wofuna kumwa ambiri ayambe wamangidwa ndi luzi. Fisi adamangidwa, Mbawala adamangidwa, ngakhale Mkango umene, Kalulu n'kutunga madzi, kusambamo, ulendo. Amene adamugwira ndi Kamba, wonyozeka uja, atadzipaka ulimbo pamsana n'kukhala phee ngati mwala. Ife ana tonse tinkakhala mbali ya Kalulu. Tinkaomba m'manja akapulumuka, mchira uli m'manja mwa omugwira.

Ndikuuzeni zoona, nditayamba ntchito nthano imeneyi idasintha maonekedwe. Nkhani ya Cashgate itaphulika m'chaka cha 2013, chimene chidandibwerera m'mutu si buku lililonse la ku yunivesite koma alonda aja, akuluakulu ndi mano awo, akupereka okha miyendo kuti imangidwe chifukwa cha kulawa uchi. Agogo ankachedwa kwambiri pa malo amenewo, kuyerekeza Fisi akunyambita milomo, ife n'kumaseka osadziwa chimene akutionetsa. Sadatiuzepo kuti Kalulu ndi woipa kapena wabwino. Ankangokamba, n'kutisiya nazo. Aphunzitsi ena ku pulayimale ndiwo adabweretsa funso loti "nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani", la malikisi awiri, ndipo ndikukhulupirira kuti funso limenelo lidaphetsa nthano zambiri.

Pali nkhani imodzi imene agogo sankayamba ndi "Padangokhala", ndiyo ya Napolo. Imeneyo ankaikamba masana, kumunda, akuloza ndi khasu. Mu December 1946 iwo adali mtsikana pamene mvula idagwa masiku otsatizana, mbali za phiri la Zomba zidagumuka, madzi adakokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kufa. A Paseli Brothers adaimbapo nyimbo yotchedwa Napolo, imene achikulire muno mudaimva pa wailesi. Kwa agogo, Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba njira yake, ndipo chikamadutsa kumamveka ngati ng'oma. Ankatisonyeza khwawa lodzaza miyala ikuluikulu ngati nkhokwe, nati, "Apa mpamene adadutsa. Limani kumbali, koma nyumba ayi. Napolo saiwala njira yake."

Nditaphunzira jogalafe pa sukulu ino ndidapita kutchuthi ndi nzeru zatsopano, ndipo ndidawauza agogo kuti kulibe njoka m'phiri. Ndidafotokoza kuti mvula ikagwa nthawi yaitali dothi la pamtsetse limamwa madzi mpaka kulemera, limatereka pamwamba pa thanthwe, n'kutsika ndi miyala ndi mitengo kutsata makwawa, ndipo ng'oma zija ndi miyala ikugundana. Adandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka adafunsa kuti, "Nanga aphunzitsi akowo akuti pakhwawa paja timangepo?" Ndidati ayi. Iwo adati, "Ndiye mwasiyana pati ndi ine?"

Yankho ndidalibe, ndipo mpaka lero sindidalipeze. Mu March 1991 phiri la Michesi lidagumukira ku Phalombe, anthu mazanamazana adatayika. Ine ndidali ku pulayimale, ndikukumbuka akuluakulu ataunjikana pa wailesi, dzina limene lidali pakamwa pa aliyense ndi lomwelo la Napolo. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi matanthwe kuchokera m'phiri la Soche kugwera pa Chilobwe, chimodzimodzinso ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu opitirira 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo ndikudziwa kuti muno muli ena amene mudataya abale. Pepani kuti ndakhudza pachilonda. A zanyengo adachenjeza namondweyo asadafike, zimenezo tisawanamizire. Sindikunenanso kuti nthano ikadaimitsa mvula yotere, kapena kuti amene adamanga m'mbali mwa phiri adachita dala, poti munthu wosauka mumzinda amamanga pamene wapeza malo. Chimene ndikunena n'chakuti chenjezo la pa wailesi limakuuza za sabata ino, pamene nkhani ya agogo inkakuuza za khwawa ili, mwala uwu, ndipo inkakupeza uli mwana usadagule puloti. Anthu ambiri a m'mizinda mwathu tidachoka kwina, ndipo palibe gogo amene adatilozera njira za Napolo za pamalo pamene tikukhala. Malemu Steve Chimombo, amene adaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College, adaona kulemera kwa dzinali kalekale, mpaka adatcha buku lawo la ndakatulo la 1987 kuti Napolo Poems.

Nkhani zina ndidazimvera m'hositelo muno, belu la kugona litalira, m'mimba muli mgaiwa ndi nyemba zofumbwa zija. Mudali anyamata a ku Karonga, a ku Nsanje, a ku Mchinji, ndipo chidatidabwitsa n'chakuti Kalulu adali atafika kwawo kwa aliyense. Wa ku Nsanje ankatiuza za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi motsitsa mawu, osalola wina kuseka. Wa ku Mulanje ankalumbira kuti pa Sapitwa ukapeza chakudya chokonzakonza udye wekha osaitana mnzako. Mnzanga wina wa ku Lilongwe ndiye adatiuza za Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama: kuti mwamuna ndi mkazi oyamba adatsika ndi mvula, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, mapazi awo n'kudindika pathanthwe lisadaume; kuti Chauta ankakhala pamodzi ndi anthu ndi nyama mpaka tsiku limene munthu adapeka moto n'kutentha tchire, nyama zidathawa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Pambuyo pake ndidaipeza nkhaniyi m'buku la Land of Fire la Schoffeleers ndi Roscoe, la 1985, koma m'Chingerezi idali yozizira poyerekeza ndi mmene adaikambira mnzathu uja mumdima. Mukamaona matumba a makala akulowa mu Lilongwe panjinga kuchokera mbali ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje umene mzindawo umamwa, muzikumbukira kuti eni dera adanena kale chimene chidathamangitsa Chauta.

Tonsefe tinkakamba zimenezi mobisa, pakuti masana kuyankhula chinenero cha kwanu kudali mlandu wa kukatchetcha udzu. Aphunzitsi athu adali ndi cholinga chabwino, ndipo Chingerezi chimene adatikhomerera ndicho chikutidyetsa. Komabe china chake tidachisiya pa geti.

Ndisakunamizeni kuti nkhani iliyonse ya makolo ndi yabwino. M'chaka cha 2017 mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre. Anthu angapo osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake kwa kanthawi. Imeneyonso ndi nkhani yoyenda pakamwa, ndipo idamvekaponso cha m'ma 2002. Ndakhala ndikudzifunsa kusiyana kwake ndi za agogo. Agogo tinkawaona nkhope, tinkadziwa kumene agona, ndipo akanama tikadawafunsa m'mawa. Nthano yawo idali ndi khomo lolowera ndi lotulukira, ndipo ya Napolo, imene idalibe makomo amenewo, idali ndi miyala yoti ukaigwire ndi dzanja. Ya anamapopa idalibe mwini. Aliyense adaimva kwa wina amene adaimva kwa wina, ndipo palibe adanena "Kaphuleni mbatata" kuti ithe. Masiku ano zotere zikutipeza pa WhatsApp, ndipo ena amene timazitumiza patsogolo ndife a madigiri, pa gulu lathu lomwe lija. A Mlembi akugwedeza mutu, akudziwa.

Tsono Bambo Wapampando, ndili ndi pempho, ndipo silifuna chopereka, a Msungichuma akhazike mtima pansi. Aliyense muno ali ndi lamya yojambula mawu. Pa Khirisimasi ikubwerayi, kapena mukapita kumaliro kapena kuukwati kumudzi, khalani pansi ndi wachikulire mmodzi, mupemphe chilolezo chake, akukambireni nthano imodzi m'chinenero chake, kaya Chilomwe, Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chitonga kaya Chichewa. Muitane ana adzavomere, chifukwa nthano yopanda ovomera imatuluka yopunduka monga idatulukira yanga ija. Nyimbo musaidumphe. Mufunsenso za malo: dambo limene saloleza kulima, mtengo umene sadula, khwawa limene samangapo, ndi chifukwa chake. Mulembe mudzi, mfumu ndi tsiku, mutumize kwa a Mlembi, ndipo chaka chamawa tidzapereke zonse ku laibulale ya sukulu ino. A Mphunzitsi Wamkulu andinong'oneza kuti shelefu ilipo.

Ine ndayamba kale kukonzeka. Azakhali anga, mwana womaliza wa agogo aja, akali moyo ngakhale maso adachita mdima. Ndidawaimbira kuwafunsa ngati akuikumbuka nyimbo ya kambalame. Adati akuikumbuka, koma pa lamya saimba, ndipite ndi shuga ndi adzukulu awo onse atatu. Tikupita kumapeto kwa mwezi uno.

Ndikuona amayi a kukhitchini aima pakhomo kanthawi ndithu, ndipo fungo likundiuza kuti lero si nyemba zija.  Kaphuleni mbatata!