Ulendo Wolowera Kumadzulo: Mabanja Amene Anamanga Makomboni a Lusaka



Mwandipempha kuti ndilankhule za mabanja oyamba amene anasamuka pa ngolo kulowera kumadzulo. Ambiri a ife timaiphunzitsa nkhaniyi monga nkhani ya ku America, ndipo njoona. M'zaka za 1840 mabanja ambiri anayamba kutsata njira ya Oregon Trail, mamailosi pafupifupi 2,000, ulendo wa miyezi 4 kufikira 6, ng'ombe zikukoka ngolo, ndipo ambiri anafera panjira ndi kolera. Koma lero ndifuna kukukumbutsani kuti ifenso tiri ndi ulendo wathu wolowera kumadzulo, ndipo mpoyenera kuti ana athu audziwe.

Tiyambe ndi ngolo zimene zinafikadi ku Lusaka. Njanji inafika kumeneko m'caka ca 1905, ndipo poima sitima anapacha dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, a Lusaaka. M'zaka zomwezo, nkhondo yao ndi Angerezi itatha mu 1902, mabanja ena a Mabunu anabwera ndi ngolo kucokera kumwera. Ngoloyo inali nyumba yao ndi nkhokwe yao, kufikira atamanga. Anapirira zambiri, inde. Koma pophunzitsa tisaiwale kunena kuti dziko limene anatsegulapo mafamu linali ndi eni ace, Asoli ndi Alenje, monganso dziko la ku America linali ndi eni ace.

Tsono anthu athu a ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, a ku Katete, a ku Petauke ndi a ku Nyasaland, iwo analowera kumadzulo opanda ngolo. Cifukwa cace nciani? Pakati pa kwathu ndi Lusaka pali cigwa ca Luangwa, mmene munali nchenche ya kashembe yakupha ng'ombe. Cotero oyambawo anayenda pansi mamailosi pafupifupi 350, mphasa ndi kathumba ka ufa ziri pamutu, kugona m'midzi ya alendo ndi m'chire. Ulalo utamangidwa pa Luangwa, malole anacuruka pa mseu waukuru wa Great East Road, ndipo lole ndiyo inakhala ngolo ya anthu athu.

Sanacoke cifukwa cakuda kwao, iai. Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, dziko lalikuru linagwa m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo pambuyo pace anthu anapanikizidwa pa malo ocepa. Msonkho unafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kutali. Ena anapita ku Southern Rhodesia, ena ku migodi; ndipo boma litasamutsa likulu kucokera ku Livingstone kunka ku Lusaka mu 1935, kunafunika omanga, ophika, amesenjala ndi apolisi.

Taganizani za moyo wa banja lotere. Bambo ndiye anatsogola, citupa ciri m'thumba, pakuti munthu wakuda sanaloledwe kukhala m'tauni wopanda cilolezo. Nyumba inali ya nchito: nchito ikatha, nyumbanso yatha. Mai anatsala kumudzi kulima yekha, kudikira kalata imene mphunzitsi anali kumuwerengera. Potsiriza anatsatira mwamuna wace, mwana kumbuyo, mtondo ndi miphika pa lole. Boma la mzinda linamanga nyumba ku Chilenje ndi ku Matero, koma sizinakwanire onse. Otsalawo anabwereka malo pa mafamu a Azungu, nalipira mwezi ndi mwezi. Ndico cifukwa cace makomboni ena ali ndi maina a eni malowo, monga George, John Laing, John Howard ndi Marrapodi. Kumeneko banja linaumba zidina, linafolera ndi udzu kapena zidutswa za malata, linakumba citsime. Mai anaphwanya miyala, anagulitsa ndiwo, analima cimanga m'malo opanda nyumba. Tsiku liri lonse anali ndi mantha kuti nyumba ingagwetsedwe.

Kusamukako kunasinthanso miyambo. Kwa Acewa ndi Ansenga mwini mbumba ndiye malume. Koma ku komboni malume anali kutali, ndipo bambo anasenza yekha za ana ace. Pa maliro, mnansi wa mtundu wina ndi anthu a mumpingo ndiwo anakhala abale. Ndipo popeza a kum'mawa anali ambiri, Cinyanja cinasanduka cilankhulo ca m'misika ndi m'miseu ya Lusaka, kufikira lero.

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, citupa cinatha, ndipo anthu anakhamukira ku mzinda. Kanyama, Chawama, Kalingalinga ndi George anakula msanga, ndipo Mtendere anatsegulidwa. Mu 1974 boma linaika lamulo lakuvomereza makomboni ena, ndipo pothandizidwa ndi World Bank linayamba kukonza miseu ndi madzi ku George ndi ku Chawama. Koma walira mvula walira matope. Kanyama ali pa malo a thyathyathya, pa miyala ya laimu, pamene madzi a mvula sacoka msanga ndipo zimbudzi zimaononga zitsime. Kolera yomwe ija ya apaulendo a ku America inapha anthu kumeneko mu 2017 ndi 2018. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mumzindawo, ndipo unyinji wao ukhala m'makomboni.

Nanga ife aphunzitsi a m'midzi ticite ciani? Zinthu zitatu. Coyamba, tumani ana kuti akafunse agogo ao: ndani wa pabanja pathu anayamba kupita ku Lusaka, caka canji, anayenda bwanji, anafikira kwa yani? Alembe mayankhowo, ndipo inu muwasunge pa sukulu, pakuti nkhalamba zodziwa izi zikutha. Caciwiri, jambulani ulendowo pa mapu: Chipata, Katete, Petauke, Nyimba, ulalo wa Luangwa, Rufunsa, Chongwe, Lusaka. Awerengere masiku a woyenda pansi ndi maora a wokwera basi; pamenepo masamu ndi mbiri zakumana. Cacitatu, nenani zoona za m'tauni. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ambiri mwa ana athu adzapita, tifune tisafune. Tisawaopseze, tisawanyengenso. Adziwe kuti kumeneko madzi amagula, nyumba amalipira, ndipo wopita wopanda luso m'manja amabvutika. Aphunzire kuwiritsa madzi akumwa, kusunga ndalama, ndi kukumbukira otsala kumudzi.

Mwana wocoka m'manja mwanu akadzatsika basi ku Lusaka, asadziyese wopemphetsa pa khomo la eni. Adziwe kuti makolo ace anaumba nao zidina za mzindawo. Mulungu akudalitseni pa nchito yanu.